Mike Todd ndi loto la kanema wonunkhira

M'moyo wake wonse Mike Todd adakonza filimu yaikulu imodzi yokha, koma filimuyo idatenga mphoto zisanu za Oscar, ndipo dzina lake lidatsala pa luso la kajambulidwe limene mafilimu otchuka adagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Chimene mkuluyu adalimbana nacho mpaka imfa yake mu 1958 chidali chimodzi: kupeza chinthu chodzutsa munthu pampando wa kunyumba kwake kuti akalipire pakhomo la nyumba ya kanema. Adakulitsa chithunzi, adachititsa kuti mawu azimveka kuchokera mbali zonse, ndipo m'zaka zake zomaliza adayamba kulingalira za mphuno. Mwana wake ndiye adafikitsa ganizoli pamapeto mu 1960, m'filimu imene inkatulutsa mafungo 30 pansi pa mipando ya oonera. Filimuyo idalephera, ndipo kulephera kwake kudaonetsa pamene nzeru ya Todd inkathera.

Mwana wa rabi

Todd adabadwira mumzinda wa Minneapolis ku America, zaka zochepa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse isanayambe. Dzina lake lobadwa nalo lidali Avrom Hirsch Goldbogen. Makolo ake, Chaim Goldbogen ndi Sophia Hellerman, adali Ayuda ochokera ku Poland, ndipo bamboyo adali rabi, mphunzitsi wa chipembedzo cha Chiyuda. M'banjamo mudali ana asanu ndi anayi, ndipo ndalama inkavuta. Dzina la Todd lidachokera ku dzina lachibwana limene abale ake adamupatsa pomuseka, chifukwa ali wamng'ono ankalephera kutchula bwino mawu a Chingerezi otanthauza chikhoti.

Banjali lidasamukira ku Chicago mu 1918. Sukulu ndi mnyamatayu sizidayanjane. Kupulayimale adachotsedwako atapezeka akuyendetsa juga ya madayisi, ndipo kusekondale sadamalize. Adagulitsako nsapato, adakongoletsako mawindo a masitolo, kenaka adalowa ntchito ya zomangamanga pamodzi ndi mkulu wake Frank. Mu 1927 adakwatira Bertha Freshman, amene adamuberekera mwana wamwamuna, Mike Todd Jr., mu 1929.

Zomangamangazo ndi zimene zidamufikitsa ku Hollywood koyamba. Kufikira nthawi imeneyo mafilimu adali opanda mawu. Filimu ya The Jazz Singer itatuluka mu 1927 anthu n'kumva wosewera akuyimba ndi kulankhula, makampani onse adathamangira kujambula mafilimu olankhula. Vuto lidali lakuti makina ojambulira mawu ankatola phokoso lililonse, la galimoto yodutsa panja ngakhale la mmisiri wokhoma msomali. Padafunika zipinda zotchinga phokoso, ndipo Todd adali mmodzi mwa amene adapeza ntchito yozimanga. Adaona ndi maso ake mmene chuma chimasefukirira kanema akawonjezera khutu pa diso.

Chumacho sichidakhalitse. Chuma cha America chitagwa mu 1929, amene ankathandiza kampani yake ndi ndalama adagwa nawo, ndipo Todd adataya ndalama zoposa madola 1 miliyoni akadali mnyamata. Aka kadali koyamba, koma sikadali komaliza.

Kuchoka panjerwa kupita pabwalo la zisudzo

Mu 1933 mzinda wa Chicago udachititsa chionetsero chachikulu cha dziko lonse. Kumeneko Todd adakonza gule amene malawi a moto wa gasi ankaotcha mbali ya chovala cha wovina anthu akuona. Sadali gule wapamwamba, koma anthu adakhamukirako, ndipo Todd adapeza njira imene adayendamo moyo wake wonse: kupatsa anthu chinthu chimene sangachione kwina kulikonse.

Atapita ku Broadway, dera la zisudzo la mumzinda wa New York, masewero ake awiri oyamba adalephera. Lachitatu, The Hot Mikado la mu 1939, lidamutchukitsa. Adatenga sewero lakale la ku England la Gilbert ndi Sullivan, nalipatsa nyimbo za jazi ndi osewera akuda okhaokha, motsogozedwa ndi katswiri wovina Bill Robinson. Kenaka adalisamutsira ku chionetsero cha dziko lonse cha ku New York cha 1939 ndi 1940, kumene makamu a anthu adaliona. M'zaka zotsatira adakonza masewero ena ochita bwino monga Star and Garter mu 1942, Mexican Hayride mu 1944 ndi Up in Central Park mu 1945.

Ndalama zinkalowa zambiri, koma zinkatulukanso ndi liwiro lomwelo, zina mwa izo ku juga. Mkazi wake Bertha adamwalira mu 1946. Chaka chotsatira adakwatira Joan Blondell, wosewera m'mafilimu, koma banjalo lidatha mu 1950, apa n'kuti Todd atamira m'ngongole kachiwiri.

Mdani wa m'chipinda chochezera

Pamene Todd ankafunafuna pogwira, nawo eni nyumba za kanema adali pamoto. Chiwerengero cha anthu opita kukaonera mafilimu ku America chidafika pachimake cha m'ma 1946, kenaka chidayamba kutsika, ndipo m'zaka khumi zokha chidatsika ndi pafupifupi theka. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chidali wailesi ya kanema, imene inkalowa m'nyumba za anthu mwamsanga. Banja limene kale linkavala bwino Loweruka madzulo kupita kukanema tsopano linkangokhala pampando n'kuonera zaulere.

Koma bokosi la kunyumbalo lidali laling'ono, zithunzi zake zopanda mtundu, mawu ake ochokera pa kachipangizo kamodzi. Apa ndi pamene Todd adaona mpata. Mu 1950 adagwirizana ndi mtolankhani Lowell Thomas komanso katswiri wa zopangapanga Fred Waller pa luso lotchedwa Cinerama. Lusoli linkajambula ndi magalasi atatu nthawi imodzi, n'kuonetsa ndi makina atatu pa chinsalu chachikulu chokhota, chodzaza maso onse a woonera. Filimu ya This Is Cinerama idayamba kuonetsedwa ku New York pa 30 Sepitembala 1952. Inkayamba ndi kasitima kamasewera kothamanga pa njanji zokwera ndi kutsetsereka, ndipo oonera ankagwira mipando mwamphamvu ngati kuti ali m'kasitimamo.

Todd sadakhutire. Pamene zithunzi zitatuzo zinkakumana pankaoneka mizere, ndipo makinawo adali okwera mtengo kuwaika ndi kuwayendetsa. Adachoka ku Cinerama napita ku kampani yopanga magalasi ya American Optical, kumene wasayansi Brian O'Brien adatsogolera ntchito yopanga luso lopereka chithunzi chachikulu chotero kuchokera pa makina amodzi. Adalitcha Todd-AO, kuphatikiza dzina la Todd ndi zilembo zoyamba za kampaniyo. Filimu yake idali ya mamilimita 70 m'lifupi, kuwirikiza kawiri ya masiku onse, ndipo inkanyamula njira zisanu ndi imodzi za mawu. Filimu yoyamba kutuluka m'lusoli idali Oklahoma! mu 1955. Pambuyo pake mafilimu monga Cleopatra ya mu 1963 ndi The Sound of Music ya mu 1965 adajambulidwa m'njira yomweyi.

Ulendo wa masiku 80

Luso lokha silidamukwanire. Ankafuna filimu yakeyake. Adasankha buku la mlembi wa ku France, Jules Verne, lonena za Mngelezi amene adabetcha kuti angazungulire dziko lonse m'masiku 80. David Niven adasewera ngati Phileas Fogg, ndipo wanthabwala wa ku Mexico, Cantinflas, adasewera ngati wantchito wake. Todd adanyengerera akatswiri otchuka oposa 40, kuphatikizapo Frank Sinatra, Marlene Dietrich ndi Buster Keaton, kuti aonekere kwa kanthawi kochepa chabe, oonera azisangalala powazindikira. Kujambula kudachitikira m'mayiko angapo monga England, France, Spain ndi Japan, ndipo kudadya pafupifupi madola 6 miliyoni, ndalama zimene Todd ankazisaka ntchito ili m'kati.

Around the World in 80 Days idatuluka pa 17 Okutobala 1956 ku Rivoli Theatre mu New York. Todd adaigulitsa ngati sewero la pabwalo: matikiti ogulidwa pasadakhale, mpando uliwonse ndi nambala yake, mtengo wokwera. Anthu adalipirabe. Mu Malichi 1957 filimuyo idatenga mphoto zisanu za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana onse pa chakacho. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, pa 2 Febuluwale, Todd adali atakwatira Elizabeth Taylor ku Acapulco m'dziko la Mexico. Mwana wawo wamkazi, Liza, adabadwa mu Ogasiti chaka chomwecho. Filimuyo itakwanitsa chaka, Todd adaitana anthu 18,000 kuphwando ku Madison Square Garden, limene lidaonetsedwa pa wailesi ya kanema ndipo lidathera m'chipwirikiti anthu akulimbirana chakudya.

Mswisi wa mabotolo

Pokonzekera filimu imeneyi ndi pamene Todd ndi mwana wake adalingalira zowonjezera fungo. Diso adali atalidzaza, khutu adali atalizungulira, chotsala chidali mphuno. Munthu wodziwa ntchitoyo adalipo kale, ndipo njira zawo zidadutsanapo zaka zambiri m'mbuyomo.

Munthuyo adali Hans Laube, wobadwira ku Zürich m'dziko la Switzerland mu 1900. Laube adayamba ndi makina oyeretsa mpweya m'zipinda zikuluzikulu zosonkhanira, kenaka adaganiza kuti ngati fungo lingachotsedwe m'chipinda mwamsanga, likhozanso kulowetsedwa pa nthawi imene munthu wafuna. Adaonetsa luso lake ndi filimu yaifupi pa chionetsero chomwe chija cha ku New York, kumene Todd ankaonetsa The Hot Mikado. Ena asanabwere iye adayesapo kuthira mafuta onunkhira m'nyumba za kanema, koma fungolo linkangodzaza chipinda chonse n'kukhala momwemo. Laube adasiyana nawo pofuna kuti filimu yeniyeniyo izilamula nthawi yotulutsa fungo, ndipo fungolo lizifika pa mpando uliwonse kudzera m'kapaipi kake.

Makampani a mafilimu sadamulabadire, ndipo kwa zaka zoposa khumi lusolo lidakhala lopanda wogula. Nawo a Todd, atalingalira bwino, adaganiza zotulutsa Around the World in 80 Days popanda fungo. Ganizolo lidaikidwa pambali kudikira filimu ina.

Usiku wa ku New Mexico

Filimu inayo Todd sadaione. Adali atayamba kukonzekera kujambula nkhani ya Don Quixote pamene bungwe la asangalatsi la Friars Club ku New York lidamuitana kukalandira ulemu. Adanyamuka ku Burbank m'chigawo cha California pa ndege yakeyake ya mtundu wa Lockheed Lodestar, imene adaitcha dzina la mkazi wake. Elizabeth Taylor adatsala kunyumba chifukwa adali ndi chimfine. M'bandakucha wa pa 22 Malichi 1958, ndegeyo, imene idali italemedwa ndi katundu, idakumana ndi nyengo yozizira kwambiri, injini imodzi idafa, ndipo idagwa pafupi ndi tauni ya Grants ku New Mexico. Onse anayi amene adali m'ndegemo adafera pomwepo: Todd, oyendetsa ndege awiri, ndi mlembi Art Cohn, amene ankalemba buku la mbiri ya moyo wa Todd.

Adaikidwa m'manda a Ayuda ku Forest Park, kufupi ndi Chicago. Ngakhale kumeneko sadagone mumtendere, poti mu 1977 akuba adafukula manda ake pofunafuna mphete ya mtengo wapatali imene ankakhulupirira kuti adaikidwa nayo. Mafupa ake adapezeka patapita masiku ochepa m'manda momwemo.

Mafungo 30

Kampani idatsala m'manja mwa Mike Todd Jr., amene adali asanakwanitse zaka 30. Iye adabwerera kwa Laube, nachita naye mgwirizano, ndipo lusolo adalipatsa dzina lakuti Smell-O-Vision. Filimu yake adaitcha Scent of Mystery, ndipo idajambulidwa ku Spain motsogozedwa ndi Jack Cardiff. Denholm Elliott adasewera ngati Mngelezi amene ali patchuthi watulukira chiwembu chofuna kupha mayi wina wolemera, ndipo Peter Lorre adasewera ngati woyendetsa takisi womuthandiza. Fungo lidali m'kati mwa nkhani yeniyeniyo: mayiyo ankadziwika ndi mafuta ake onunkhira, wachiwembuyo ndi utsi wa fodya wa m'kaliwo. Migolo ya vinyo ikasweka, oonera ankamva fungo la mphesa. Buledi akatuluka mu uvuni, ankamva buledi. Pamapeto penipeni mayi wa mafutayo adaonetsa nkhope, ndipo adali Elizabeth Taylor, amene dzina lake silidalembedwe pa mndandanda wa osewera.

Makina a Laube adali ndi timabotolo ta mafungo tondandalikidwa motsatira nkhani ya filimuyo. Chizindikiro cha pa filimu chikafika, fungo la m'kabotolo koyenera linkatuluka, zokupizira mphepo n'kulikankhira m'mapaipi opita pansi pa mpando uliwonse. Kuika mapaipi otere m'nyumba yonse ya kanema kudali kokwera mtengo, choncho filimuyo idaonetsedwa ndi fungo m'mizinda itatu yokha: Chicago, kumene idayambira mu Januwale 1960, New York ndi Los Angeles.

Tsoka lidayamba filimuyo isanatuluke. Mu Disembala 1959 mwini nyumba za kanema Walter Reade Jr. adawapita kutsogolo ndi luso lina lotchedwa AromaRama, la Charles Weiss, pa filimu yonena za China yotchedwa Behind the Great Wall. Lusoli linkangolowetsa fungo m'makina oziziritsa chipinda. Mafungo ankasakanikirana, olemba nyuzipepala adalinyoza, ndipo pofika Januwale anthu ambiri adali atayamba kale kuseka nkhani ya kanema wonunkhira.

Nayo Smell-O-Vision idali ndi zilema zake. Mapaipi ankalira ngati njoka fungo likamatuluka. Okhala m'mipando ya m'mwamba ankalandira fungo chithunzi chake chitadutsa kale. M'mbali zina fungo linkafika lochepa, anthu n'kumanunkhiza mokweza mpaka kusokoneza anzawo. Akatswiri adakonza zina mwa zovutazi, koma mbiri yoipa idali itafika kale patali. Filimuyo idaluza ndalama zambiri, ndipo pambuyo pake idatulukanso yopanda fungo ndi dzina lakuti Holiday in Spain. Laube sadapezenso mwayi wina wotere, ndipo adamwalira ali wosauka mu 1976. Todd wamng'ono adasamukira ku Ireland, kumene adamwalirira mu 2002. Mu 2010 magazini ya Time idaika Smell-O-Vision pa mndandanda wa zopangidwa 50 zoipitsitsa.

Chimene mphuno idakanira

N'kosavuta kuloza chala mapaipi, koma vuto lalikulu lidali m'thupi la woonera. Kuwala kumazima nthawi yomweyo makina akazimitsidwa, ndipo mawu amatha akangotuluka. Fungo ndi tinthu tenitenti touluka mumpweya. Timayenda pang'onopang'ono, timamatirira ku zovala ndi ku mipando, ndipo sitichoka chifukwa choti chithunzi chasintha. Filimu imadumpha kuchoka kumunda wa maluwa kupita kudoko la nsomba m'kuphethira kwa diso, pamene mpweya wa m'chipinda sungathe kudumpha chotero.

Komanso mphuno imatopa msanga. Aliyense wolowa m'khitchini momwe akukazinga anyezi amamva fungo lamphamvu, koma pakapita mphindi zochepa salimvanso. Mafungo 30 otsatizana m'maola awiri ndi katundu woposa mphamvu zake. Palinso kusiyana kwina kumene sayansi idakufotokoza Todd atamwalira kale. Diso la munthu limaona mitundu pogwiritsa ntchito magulu atatu okha a timaselo tolandira kuwala, n'chifukwa chake wailesi ya kanema imapanga mtundu uliwonse posakaniza kufiira, kubiriwira ndi mtundu wa mtambo. Mu 1991 asayansi Linda Buck ndi Richard Axel adatulukira banja la majini olamula zolandirira fungo, ntchito imene idawapatsa mphoto ya Nobel mu 2004. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya zolandirira zimenezi. Palibe mafungo atatu amene angasakanizidwe kuti apange ena onse. Fungo lililonse limafuna botolo lake.

Amene adayesanso pambuyo pake adachepetsa chiyembekezo. Mu 1981 John Waters adagawira oonera filimu yake ya Polyester timakhadi tokhala ndi manambala khumi. Nambala ikaoneka pa chinsalu, munthu ankakanda pa khadipo n'kununkhiza yekha, ndipo zambiri zidali zoseketsa. Mu 2009 kampani ya CJ ya ku South Korea idayambitsa 4DX, mmene mipando imagwedezeka, mphepo imaomba, madzi amawaza, ndipo fungo limatuluka apo ndi apo. Lusoli lidafika ku South Africa mu 2015. Mu zonsezi fungo ndi ndiwo yapambali, si nsima.

Funso limene lidasautsa Mike Todd lidakalipo, mwinanso lakula, poti mdani wa nyumba ya kanema salinso bokosi la m'chipinda chochezera lokha, koma foni ya m'thumba. Mwa mayankho ake, awiri adapirira. Chithunzi chachikulu ndi mawu ozungulira ndi zimene eni nyumba za kanema akugulitsabe lero, ndipo filimu ya mamilimita 70 idakali ndi oikonda: Oppenheimer, imene idatenga mphoto ya Oscar ya filimu yopambana mu 2024, idaonetsedwa m'njira imeneyi m'mizinda ingapo. Yankho lachitatu, limene adangolilingalira n'kulisiyira mwana wake, lidakhala miyezi yochepa chabe m'mizinda itatu.